Kalata yochokera ku Las Vegas: Hacienda ndi mayi amene anaisenza

Wokondedwa Nabanda,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana. Kuno ndadzuka, kungoti mphepo ya m'chipululu muno ikumalowa m'mafupa m'mamawa ndikamapita kuntchito.

Uthenga wako uja ndaumvetsera katatu. Zoti alamu ako akuti ugulitse chigayo poti si ntchito ya munthu wamkazi, zoti bambo a ana anasiya ngongole ya injini imene iwe sunkaidziwa, zonsezo zandikhala pamtima sabata yonse. Pa foni ndikanangolira nawe osanena chaphindu, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndilembe. Sindikuuza chochita, mwali. Chigayocho ukuchidziwa ndiwe. Koma pali nkhani ya mayi wina wa kuno imene yakhala ikundibwerera chimvereni mawu ako, ndipo ndikufuna uimve yonse.

Agogo amene ndimawasamalira masiku atatu pa sabata ali ndi kambale kagalasi kothiramo phulusa la fodya pa tebulo la pambali pa bedi lawo. Fodyayo anasiya kalekale, masiku ano amaikamo ndolo ndi mabatani. Pansi pa kambaleko pali chithunzi cha munthu wokwera hatchi, wavala chipewa chachikulu, ndi dzina lakuti Hacienda, zilembo zina zitayamba kufufutika. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinakasuntha, ndipo iwo anatambasula dzanja lonjenjemera n'kukabwezera pamalo pake penipeni. Apo m'pamene ndinafunsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutolatola mbiri ya malowo, kwa iwo ndi kwina.

Hacienda inali hotela ndi kasino, nyumba yotchovera juga, kumapeto kwenikweni kwa msewu waukulu wa makasino umene amautcha Strip, mbali ya kummwera. Dzinalo ndi la Chisipanishi, limatanthauza famu yaikulu ya munthu wolemera, ndipo malowo anawakongoletsa ngati uli ku Mexico. Paja kuno kasino aliyense amavala chovala cha dziko lina: wina Roma wakale, wina Egypt, wina Paris. Mwini wake anali Warren Bayley, amene aliyense ankangomutcha Doc. Anali kale ndi mahotela a dzina lomwelo ku California, ku Fresno, Bakersfield ndi Indio. Ku Las Vegas anapeza nyumba imene ena anayamba kumanga pa dzina la Lady Luck ndalama n'kuwathera panjira. Anaitenga, naitsegula mu 1956 ndi zipinda 266, koma chilolezo cha juga chinachedwa, moti hotelayo inayamba kulandira alendo matebulo a juga ali chiphimbire.

Anthu ankaiseka. Inali yokhayokha kutali ndi inzake, mchenga mbali zonse, ndipo inalibe oimba otchuka ngati amene ankadzaza makasino otchuka a Sands kapena Desert Inn. Eni makasino ena anaipatsa dzina lonyoza, lokhala ngati kunena kuti paradaiso wa anthu akumudzi. Koma Doc anaona chimene iwo sanaone. Munthu wochokera ku Los Angeles pa galimoto, atawauka ndi dzuwa maola ambiri m'chipululu, ana akulira kumbuyo, nyumba yoyamba kuiona inali Hacienda. Choncho anaika dziwe lalikulu losambiramo, bwalo la timagalimoto ta mpikisano, masewera a ana, n'kumagawa timapepala tochotsera mtengo m'njira yochokera ku California. Anzake ankasaka anthu olemera, iye anakumbatira mabanja wamba, ndipo anawapeza.

Munthuyu ndege zinamulowa m'magazi. Anagula ndege zakezake zonyamula alendo kuchokera m'mizinda ina kudzatchova juga kwa iye, mpaka zinafika pafupifupi 30. Makampani a ndege anadandaula, ndipo mu 1962 bungwe la boma la Civil Aeronautics Board linamuletsa, ponena kuti akuyendetsa kampani ya ndege popanda chilolezo.

Koma nkhani ya ndege imene imandigwira mtima ndi ina. Ukatsika pa bwalo la ndege la kuno, limene kale linali McCarran ndipo tsopano ndi Harry Reid, pamalo potengera zikwama pali kandege kakang'ono kopachikidwa kudenga, m'mbali mwake mutalembedwa Hacienda ndi zilembo zikuluzikulu. Ine ndinadutsa pansi pake tsiku limene ndinafika kuno osakweza n'komwe maso, mtima uli pa chikwama changa chimene chinachedwa kutuluka. Kandege kameneko ndi Cessna 172. Robert Timm, amene ankakonza makina a juga ku Hacienda koma anali woyendetsa ndege kuyambira nthawi ya nkhondo, anauza bwana wake kuti angathe kuuluka nthawi yaitali kuposa munthu wina aliyense osatera, dzina la hotela lili pandege. Doc anatulutsa madola 100,000, ndipo ulendowo anaulumikiza ndi kusonkhetsa ndalama zothandizira kafukufuku wa matenda a khansa. Timm ndi mnzake John Cook ananyamuka pa 4 December 1958, anadzatera pa 7 February 1959. Masiku 64 ndi maola 22 ali m'mwamba.

Tangoganiza, Nabanda. Kandegeko mkati mwake n'kopanikiza ngati m'galimoto yaing'ono. Atangonyamuka, galimoto inawathamangira n'kupaka utoto woyera pa matayala, kuti akatera mobisa penapake utotowo udzawaulule. Mafuta ankamwetsa kawiri pa tsiku: ndege inkatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza galimoto yamafuta imene inkathamanga pa msewu wowongoka m'chipululu, iwo n'kuponya chingwe chokhala ndi mbedza, kukoka paipi, mmodzi n'kutulukira pakhomo kukaisomeka mu thanki ya pansi pa ndege. Chakudya chophikidwa ku hotela ankachidula tizidutswa, kuchiika m'mafulasiki, n'kuchikweza pa chingwe chomwecho. Jenereta inafa ali pakati pa ulendo, moti mafuta anayamba kuwapopa ndi manja, ndipo usiku ankazizidwa mumdima. Tsiku lina Timm anagona tulo ali pa chiwongolero, chinawapulumutsa ndi chipangizo chowongolera ndege chokha. Potera anachita kuwanyamula, miyendo itaiwala kuyenda. Mpaka lero palibe anthu amene anauluka pa ndege nthawi yaitali chotero osatera.

Doc anali munthu wotero, wa maganizo akuluakulu, wosachedwa kutulutsa ndalama. Anamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima kumapeto kwa 1964. Apa ndiye pamene ndimafuna ufike.

Mkazi wake, Judy Bayley, anatsala ndi hotela, antchito mazanamazana ndi ngongole, poti zimene mwamuna wake ankayamba zinali zambiri kuposa ndalama zimene zinalipo. Nthawi imeneyo pa Strip ponse panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe woyendetsa kasino. Akazi ntchito yawo inali kuvina pa siteji, kuperekera zakumwa ndi kuyala mabedi. Eni makasino anali amuna okhaokha, ena mwa iwo ogwirizana ndi magulu a zigawenga za ku Chicago ndi mizinda ina. Chinali chapafupi kuti agulitse, atenge zotsala, akakhale phee ku California. Sanatero. Anakhala pa mpando wa mwamuna wake, anaphunzira ntchito ya juga imene sanakulire nayo, anasunga Hacienda monga malo a mabanja wamba, ndipo inakhala yotsegula zaka zonse 7 zimene iye anakhala ndi moyo pambuyo pake. Anthu anayamba kumutcha dzina lofanana ndi kunena kuti Mayi wa Fuko wa juga.

Agogo anga aja akamakamba za iye nkhope imasintha. Amati ankayendayenda yekha m'kasinomo kupereka moni kwa alendo, ndipo ankakonda mahatchi kwambiri. M'nthawi yake, mu 1967, m'pamene anaimika chikwangwani chachikulu cha magetsi kutsogolo kwa hotela: mwamuna wa chipewa cha ku Mexico pa hatchi yoimirira ndi miyendo yakumbuyo, dzanja lili m'mwamba kulonjera obwera. Ankathandizanso za mumzinda ndi ndalama zake, makamaka yunivesite ya kuno, UNLV. Anamwalira ndi khansa pa 31 December 1971 ali ndi zaka 56, ndipo chaka chotsatira yunivesiteyo inatsegula nyumba ya zisudzo yotchedwa Judy Bayley Theatre. Ilipo mpaka pano, ana asukulu amachitiramo masewero. Ndinapitako dala Loweruka lina, ndinangoima panja kuwerenga dzinalo.

Ndisakunamize, mwali, juga sindiikonda ndipo nkhaniyi sinandisinthe maganizo. Ndili ndi mnzanga wa kuntchito amene amalandira malipiro Lachisanu, pofika Lolemba akubwereka ya basi, ndipo ndamuonapo akulira m'chimbudzi. Ndalama zimene zinkayendetsa Hacienda zinkachokera m'matumba a anthu ngati iyeyo, ngakhale panali dziwe la ana ndi timagalimoto. Zimenezo sindingazibise pofuna kukometsa mbiri ya Judy. Chimene ndimamulemekezera n'chakuti anapezeka pamalo pamene aliyense ankayembekeza kuti achoka, iye n'kukhala, n'kulipira anthu ake mwezi ndi mwezi. Chako n'chigayo, chimadyetsa mudzi, ndiye pamenepo uli pabwino kuposa iye.

Atapita iye zinthu zinayenda mwina. Hotelayo inagwera m'manja mwa Allen Glick ndi kampani yake ya Argent, imene inalinso ndi Stardust ndi Fremont, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti m'makasino a kampaniyo ndalama zinkazembetsedwa zisanawerengedwe n'kumapita kwa zigawenga. Mu 1977 inatengedwa ndi Paul Lowden, amene poyamba anali woimba komanso woyang'anira zosangalatsa pamalopo. Iye anawonjezera nyumba zosanja mpaka zipinda zinapitirira 1,000. M'zaka zake zomaliza anthu ankapitako kukaonera Lance Burton, katswiri wa matsenga a pa siteji.

Koma mzinda unali utaipeza. Mchenga uja unatha, pambali pake panamera Excalibur mu 1990 ndi Luxor mu 1993, zimphona za zipinda zikwizikwi, ndipo Hacienda inayamba kuoneka ngati kanyumba ka udzu pakati pa tauni. Kutalikira kuja kumene anthu ankaiseka nako kunali kutasanduka malo a mtengo wapatali. Kampani ya Circus Circus Enterprises, eni zimphona ziwirizo, inaigula mu 1995 pa madola 80 miliyoni, ndipo chimene inkafuna ndi nthaka. Anaitseka pa 1 December 1996.

Kuno nyumba yakale saigwetsa mwakachetechete, amachita chikondwerero. Anasankha usiku wa 31 December 1996, cha m'ma 9 koloko, kuti anthu a ku New York ndi mbali yonse ya kummawa aonere pa TV chaka chawo chikulowa, poti iwo ali patsogolo ndi maola atatu. Kunali chinamtindi cha anthu mumsewu, makombola owala kumwamba, kenako mabomba amene anawatchera m'zipilala anaphulika motsatizana, nyumba n'kukhala pansi m'fumbi. Agogo anga anali m'gulumo, ndipo amati anthu onse ankakuwa ndi chimwemwe, iwo okha atagwira pakamwa. Fumbi litatha anaona kuti chigawo china cha nyumbayo chakana kugwa. Chinachezera chili chiimire usiku wonse, mpaka m'mawa mwake anachita kubweretsa chimakina chomenya ndi chimpira chachitsulo. Nditawerengera masiku ndinazizidwa m'thupi: anaigwetsa pa tsiku lenileni limene Judy anamwalira, patatha zaka 25.

Pamalopo tsopano pali Mandalay Bay, imene inatsegulidwa mu March 1999, yagalasi la golide, yovala chovala cha maiko a m'nyanja zotentha. Ndimaiona ndikakwera basi, ndipo palibe chimene chingakuuze kuti panali china. Zotsala zinamwazikana. Katchalitchi kamatabwa kokwatitsiramo anthu, Little Church of the West, kamene kanali pabwalo la Hacienda, anakanyamula kathunthu n'kukakhazika chakummwera pang'ono. Msewu wodutsa pamenepo mbali ina ukadali Hacienda Avenue, ndipo anthu opita kukaonera mpira ku Allegiant Stadium amawoloka pa mlatho wake. Hatchi ya pa chikwangwani ija anaipulumutsa a Neon Museum, amene amasunga zikwangwani zakale za magetsi, anaikonza n'kuiimika pa mtengo wachitsulo pafupi ndi Fremont Street, m'katikati mwa tauni yakale. Mwezi watha ndinakankha agogo pa njinga yawo ya olumala mpaka pamenepo, dzuwa litangolowa. Magetsi atayaka anakweza dzanja lawo lija kubwezera moni kwa wokwera hatchiyo, ndipo tinakhala pamenepo mpaka anayamba kuzizidwa.

Tsopano tamvera. Usasaine pepala lililonse la alamu ako mwezi uno, ngakhale atabwera ndi ankhoswe. Upite kumene bambo a ana anatenga injini, akulembere ngongole yonse pa pepala, zimene zinalipidwa ndi zimene zatsala, undijambulire unditumizire. Undiuzenso matini angati mumagaya pa tsiku nthawi yokolola ndi nthawi ya njala, ndi ndalama zimene zimapita ku dizilo ndi kwa mnyamata wa pachigayo. Tikaona manambala tonse awiri, m'pamene tikambe zogulitsa kapena zosagulitsa, ndipo mbali imene ndingathe kuthandiza ndidzakuuza mosabisa.

Ndakuikira chithunzi cha hatchi ija m'kalatamu. Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndapatsira munthu amene akubwera mwezi wamawa. Ana uwapsompsone m'malo mwanga.

Ndine mnzako wa kalekale,

Nangozo