Lipoti la msonkhano wa kafukufuku wa zaumoyo ku Blantyre

A Wapampando ndi mamembala nonse a komiti yathu ya zaumoyo, ndikuthokozeni pondituma kumsonkhano wa masiku awiri wa akatswiri ofufuza za umoyo. Munandipempha kuti ndikamve mmene ofufuza amadziwira kuti ntchito inayake yasinthadi umoyo wa anthu, popeza tili mkati molemba pempho la thandizo la mbaula zosunga nkhuni, ndipo m'kalata yathu talembamo kuti mbaulazo zidzachepetsa chibayo pakati pa ana. Ndabwera ndi pempho loti mawu amenewo tiwachotse, ndipo ndikufotokoza chifukwa chake.

Kafukufuku amene anakambidwa nthawi yaitali ndi wa CAPS, wofufuza ngati mbaula zochepetsa utsi zimateteza ana ku chibayo, yemwe anachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga motsogozedwa ndi Pulofesa Kevin Mortimer, yemwe pa nthawiyo anali ku Liverpool School of Tropical Medicine, ndipo zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2016. Ana 10,750 osakwana zaka zisanu, ochokera m'magulu a midzi 150, analembedwa mayina. Midziyo inagawidwa pawiri mochita maere kuti pasakhale kukondera: mabanja a mbali imodzi analandira mbaula ziwiri zokhala ndi kachipangizo kokupizira moto pamodzi ndi sola yotchajira batire yake, pomwe a mbali ina anapitiriza kuphika pa mafuwa kufikira kafukufuku atatha. Kwa zaka ziwiri, mwana akapezeka ndi chibayo kuchipatala, zinkalembedwa m'kabuku kake. Powerengera, chibayo chinapezeka ka 2,255 kumbali ya mbaula ndi ka 2,251 kumbali ya mafuwa, kutanthauza kuti panalibe kusiyana.

Ndinamva chisoni pamenepa, chifukwa inenso ndakhala ndikuuza amayi kusikelo kuti mbaula imateteza mwana ku chibayo, ndipo ndinkanena ndi mtima wonse. Ofufuzawo sakukana kuti utsi umavulaza mapapo. Iwo anafotokoza kuti mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri, kuti mabanja ambiri ankabwerera ku mafuwa pakapita nthawi, ndiponso kuti mwana amapuma utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa, wa fodya ndi wa moto wa pakhomo loyandikana nalo. Phindu limene linaoneka ndi lakuti ana opsa ndi moto anachepa m'mabanja a mbaula. Tikumbukirenso kuti mbaula zimene tikupempha ife ndi zadothi, ndipo sizichepetsa utsi kufika pa zokupiza moto zija.

Kufunika kwa gulu lofananitsira kunandigwira mtima kwambiri. Chiwerengero cha ana omwalira asanakwanitse zaka zisanu m'dziko muno chinatsika kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi umoyo (DHS) wa 1992 kufika pa 63 m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Katemera woteteza ku chibayo anayamba kuperekedwa mu 2011, ndipo wa rota, kachilombo koyambitsa kutsekula m'mimba, mu 2012. Choncho bungwe lililonse limene linagawa chinthu m'zaka zimenezo likhoza kuloza kutsika kwa imfa n'kunena kuti ndi ntchito yake, pamene kutsikako kukanachitika ngakhale ilo likanapanda kubwera.

Njira yomweyo ya maere inaonetsa zosiyana pa katemera wa tayifodi. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, anabayidwa katemera, ena wa tayifodi ndipo ena wa matenda oumitsa khosi, popanda makolo kapena owunika kudziwa kuti mwana walandira uti. Matendawo ankatsimikizidwa poyeza magazi, ndipo katemerayo anateteza ndi pafupifupi 80 peresenti. Boma linayamba kumupereka m'dziko lonse mu 2023. Akatswiriwo anatchulanso mwachidule za katemera wa malungo yemwe anayambira kuno mu Epulo 2019, kenako ku Ghana ndi ku Kenya, ndipo m'madera a mayiko atatuwa kumene ankaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayo zinatsika ndi 13 peresenti.

Pa nthawi ya mafunso ndinafunsa chimene komiti yaing'ono ngati yathu, yopanda ndalama zochitira maere m'midzi 150, ingayeze moona mtima. Yankho linali lakuti tiyeze zimene zili pafupi ndi ntchito yathu, ndipo tiyambe kuyeza tisanagawe kanthu.

Motero ndikupempha kuti pempho lathu linene za kuchepa kwa nkhuni, nthawi imene amayi ndi atsikana amataya kotola nkhuni, ndi ngozi za moto kwa ana. Ndikupemphanso kuti tigwirizane ndi alangizi a zaumoyo kuti mwezi uno tilembe mitolo ya nkhuni imene banja limagwiritsa ntchito pa sabata, m'midzi yoyamba kulandira ndi m'midzi yodikira gawo lachiwiri, kenako tidzabwerere pakatha miyezi 6 ndi miyezi 12 kukaona mbaula zimene zikuphikirabe. Nkhani ya chibayo tiisiye pa uthenga wa katemera ndi wothamangira kuchipatala mwana akayamba kupuma mobanika. Ngati komiti ivomereza, alembi ndi ine tikonza kalatayo isanafike nkhumano yathu yotsatira.