Faramir wa mu filimu si uja wa m'buku

Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri, loti opanga mafilimu amaononga anthu a m'mabuku. Ambiri amaloza chala wochita sewero, chonsecho vuto limayambira kutali, pomwe olemba akudula nkhani m'zigawo.

Taonani Faramir wa m'buku la J.R.R. Tolkien, The Lord of the Rings, lomwe linatuluka mu 1954 ndi 1955. M'bukumo, Faramir, mkulu wa asilikali a dziko la Gondor, atagwira Frodo ndi mnzake Sam n'kuzindikira kuti anyamula mphete yamphamvu yomwe imakopa anthu kuti ailande, saikhumbira n'komwe. Amawapatsa kamba wa paulendo ndi ndodo zoyendera, basi azipita. Mu filimu ya Peter Jackson, The Two Towers ya 2002, yachiwiri mwa mafilimu atatu ochokera m'bukuli, munthu yemweyu amawagwira ukaidi n'kuwakokera ku mzinda wa Osgiliath kuti mpheteyo ikafike kwa bambo wake, Denethor.

Zinatheka bwanji? Gawo lachiwiri la bukuli limathera pa Shelob, kangaude wamkulu uja. Olemba filimu anamusamutsira ku filimu yachitatu ya 2003, poti ukawerenga masiku, nkhondo ya ku Helm's Deep imatha Frodo asanafike kuphanga kwa kangaudeyo. Zitatero, Frodo ndi Sam anatsala opanda chowatchinga kumapeto kwa filimu yachiwiri. Dzenje limenelo analikwirira ndi Faramir.

Olemba filimuwo amaperekanso chifukwa china, chakuti munthu akaikana mphete mosavuta, owonera aiyesa yopanda mphamvu. Apa pokha sindikugwirizana nawo. Kumapeto kwa filimu yoyamba, Frodo amatambasula dzanja, mphete ili pachikhatho, ndipo Aragorn, mmodzi wa anzake a paulendo, amagwada n'kumupinda zala kuti aifumbatenso. Palibe amene anati mpheteyo yafooka.

Chomwe chinatayika n'chachikulu. Tolkien anaika Faramir kuti asiyane ndi mkulu wake Boromir: bambo mmodzi, mzinda umodzi, koma wina anagwa, wina anaima. Mu filimu, mng'onoyu amayamba watsata mapazi a mkulu wake ndipo amabweza mtima mochedwa. Choipanso, kachigawo koonetsa Denethor akumupeputsa pamaso pa Boromir, komwe kakanathandiza owonera kumvetsa njala yake yofuna kukondweretsa bambo, sikanaonetsedwe m'makanema. Kanangotuluka pa DVD yotalikitsidwa ya 2003, ambiri atamuweruza kale.

Wokonda kuwerenga mabuku