Kampani ikati "palibe umboni", funsani amene wasunga umboniwo

Akonzi,

Pali chizolowezi china cha atolankhani chimene chimandiwawa mumtima, ndipo lero ndati ndichitchule. Fakitale yopanga mankhwala ikaganiziridwa kuti yaipitsa mtsinje kapena mpweya, nkhani imayamba ndi madandaulo a anthu, kenako imatsekedwa ndi mawu a mneneri wa kampani: akuti palibe umboni wa sayansi, akuti amatsatira malamulo onse, akuti moyo wa anthu ndiwo amauika patsogolo. Mtolankhani amalemba zimenezo, n'kuika kadontho, nkhani yatha.

Ine ndinagwira ntchito yoyeza madzi otayidwa mu labotale ya fakitale ina mpaka kupuma. Sindinalembepo nambala yabodza, ndipo palibe bwana anandiuzapo kuti ndiname. Chimene chinkachitika n'chakuti tsiku lobwera oyendera a boma, madzi oyeza tinkatunga m'mamawa makina asanayambe kugwira ntchito. Zotsatira zikatuluka zoipa tsiku wamba, tinkauzidwa kuti mwina botolo linali lakuda, tiyezenso. Zikatuluka zabwino, palibe ankakayikira botolo. Ndinkaona, ndipo ndinakhala chete chifukwa ana anali pasukulu. Zimenezo zimandisowetsabe mtendere. N'chifukwa chake nditapuma ndinayamba kuwerenga za mafakitale akuluakulu a m'mayiko ena, ndipo ndinapeza kuti njira zake n'zomwezo, kungoti kumeneko zinapha anthu.

Nkhani imene siichoka m'mutu mwanga ndi ya ku Minamata, m'dziko la Japan. Kampani ya Chisso inkataya m'nyanja madzi okhala ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimakhala mu themomita zakale. Amphaka anayamba kuzungulirazungulira ngati openga n'kumagwera m'nyanja, akhwangwala kugwa ali m'mwamba. Kenako anthu a m'mabanja a asodzi anayamba kuchita dzanzi m'manja, kulephera kuyenda ndi kulankhula. Pa 1 Meyi 1956 Dr. Hajime Hosokawa, mkulu wa chipatala cha kampani yomweyo, anakanena kuboma kuti kwabuka matenda osadziwika.

Mu Julayi 1959 akatswiri a pa yunivesite ya Kumamoto ananena poyera kuti choyambitsa ndi mercury. Apa m'pamene ndikufuna owerenga atchere khutu. Dr. Hosokawa anayamba kuthira madzi a m'fakitale m'chakudya cha amphaka kuti aone chichitike n'chiyani. Mu Okutobala chaka chomwecho mphaka amene anamupatsa nambala 400 anadwala matenda omwe aja. Dokotalayo anauza mabwana ake. Mabwanawo anakhalira zotsatirazo ndipo analetsa kuti kafukufukuyo apitirire. Kunja ankanenabe kuti palibe umboni, chonsecho umboniwo unali m'kabati mwawo.

Nthawi yomweyo kunatulukira akatswiri ena okhala mbali ya makampani. Wina anati vuto ndi mabomba amene asilikali anataya m'nyanja nkhondo itatha. Wina anati ndi poizoni wochokera mu nsomba zowola. Maganizo amenewa sanafunike kukhala oona. Ntchito yake inali yoti munthu wowerenga nyuzipepala anene kuti, "Nanga akatswiri okhaokha akutsutsana, ife tidziwa bwanji?"

Mu Disembala 1959 Chisso inachita mwambo wotsegulira makina oyeretsera madzi otchedwa Cyclator, ndipo mkulu wa kampaniyo anamwa pamaso pa alendo madzi amene ankati adutsa m'makinawo. Makinawo sanapangidwe kuti azichotsa mercury wosungunuka m'madzi. Anthu ambiri anakhulupirira kuti vuto latha. Kumapeto kwa mwezi womwewo kampani inapereka ndalama kwa odwala, koma inakana kuzitcha chipukuta misozi, inati n'chipepeso chabe: mayeni (ndalama za ku Japan) 100,000 pachaka kwa wamkulu, 30,000 kwa mwana, ndi 300,000 kwa banja loferedwa. M'pangano lake munali mfundo yakuti ngakhale zitadzadziwika m'tsogolo kuti madzi a fakitale ndiwo anayambitsa matendawo, odwalawo sadzapemphanso kanthu. Taganizani, Akonzi: amene analemba mfundo imeneyo anali akudziwa kale za mphaka 400.

Ena angafunse kuti bwanji anthu a m'tauniyo sanadzuke. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chisso ndiyo inkalemba ntchito anthu ambiri ndiponso kubweretsa misonkho yambiri, moti odwala ankaonedwa ngati adani a chitukuko, ndipo anansi awo omwe ankawasala. Boma la Japan linadzavomereza mu Seputembala 1968 kuti fakitale ndiyo inayambitsa matendawo, patapita zaka 12, pamene kampani inali itasiya kale kugwiritsa ntchito njira yofuna mercury ija miyezi ingapo m'mbuyomo. Dr. Hosokawa anapereka umboni wa mphaka uja mu 1970 ali gone m'chipatala, atatsala pang'ono kumwalira. Mu 1973 khoti linagamula kuti kampani inalakwa ndipo linathetsa pangano la chipepeso lija. Pa zaka zonse zokangana zija, ana ankabadwa olumala.

Nditamvetsa za ku Minamata, nkhani zina zinayamba kuoneka ngati ana a mayi mmodzi. Ku Bhopal, m'dziko la India, usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, mpweya wapoizoni unatuluka m'fakitale ya mankhwala ophera tizilombo n'kupha anthu zikwizikwi. Kampani ya Union Carbide, mwini wamkulu wa fakitaleyo, inaumirira kuti wantchito wina wokwiya ndiye anaononga dala. Kuloza chala munthu mmodzi wopanda dzina kumachotsa maso a anthu pa zipangizo zotetezera ngozi zimene sizinkagwira ntchito usiku umenewo. Boma la India linafuna madola 3.3 biliyoni, koma mu 1989 linalandira 470 miliyoni. Mu 2001 kampani ina, Dow Chemical, inagula Union Carbide, ndipo imanena kuti za Bhopal sizikuikhudza chifukwa fakitaleyo sinakhalepo yake. Dzina la Dow lomwelo linali pakati pa othandiza masewera a Olimpiki a ku London mu 2012, pamene anthu okhala pafupi ndi fakitale yakale ija ankadandaulabe za madzi a m'zitsime zawo.

Ku Parkersburg, m'dziko la America, ng'ombe za mlimi wina zinkafa zitamwa madzi a kamtsinje kochokera kudzala la kampani ya mankhwala ya DuPont. Madokotala a ziweto asanu ndi mmodzi, atatu mwa iwo osankhidwa ndi kampaniyo, anati mlimiyo ndiye sankasamala bwino ziweto zake. Loya Rob Bilott atakakamiza kampani kudzera kukhoti kuti itulutse zikalata zake, zinaoneka kuti DuPont inkadziwa kwa zaka zambiri kuopsa kwa mankhwala otchedwa C8 amene inkagwiritsa ntchito popanga Teflon, chinthu chimene amapaka m'mapoto kuti chakudya chisakakamire. Mu 1981 inachotsa azimayi m'chigawo chogwiritsa ntchito mankhwalawo, ndipo mu 1984 inawapeza m'madzi akumwa a anthu oyandikana nayo, koma sinawauze. Mu 2015 inapatula mbali ya bizinesiyo n'kuipatsa dzina latsopano, Chemours. Mu 2017 makampani awiriwo anavomera kulipira madola 671 miliyoni pa milandu yoposa 3,500, uku akunena kuti sakuvomera kulakwa kulikonse.

Sindikudana ndi mafakitale a mankhwala. Anandidyetsa, ndipo popanda iwo sitikanakhala ndi feteleza, mankhwala a m'chipatala kapena klorini woyeretsera madzi. Ndikudziwanso kuti si dandaulo lililonse limene limakhala loona, ndipo kampani ili ndi ufulu woyankha. Chimene ndikukana n'chakuti yankho lakelo lizilowa m'nyuzipepala osapimidwa, ngati kuti mneneri ndi mboni yoima pakati. Mneneri amalipidwa kuti ateteze dzina la kampani, ndipo nthawi zambiri iye mwini sanaonepo mabuku a mu labotale.

Choncho mtolankhani wanu akauzidwa kuti palibe umboni, afunse kuti kampaniyo inayeza liti madzi ake, nthawi yanji ya tsiku, pamalo ati, ndipo zotsatira zonse zili kuti, kuphatikizapo zimene anati ziyezedwenso. Akauzidwa kuti akatswiri oima paokha apeza kuti zonse zili bwino, afunse amene anawasankha ndi amene anawalipira. Akaona mudzi ukulandira chitsime, mipira kapena ndalama mkangano uli mkati, apemphe kuona pepala limene anthuwo asayina, aliwerenge mpaka mzere womaliza. Ndipo kampani ikakana kuyankha mafunso amenewa, kukanako kulembedwe m'ndime yoyamba, osati kumapeto kumene ambiri safikako.

Afunefunenso anthu onga ine: oyeza madzi, oyendetsa matanki, okonza mapaipi, manesi a pachipatala cha fakitale. Ambiri sangalankhule akadali pantchito, ndipo musawaweruze msanga. Koma opuma alipo, ndipo amakumbukira paipi imene inkatsegulidwa usiku mvula ikamagwa. Ine palibe mtolankhani anabwerapo kudzandifunsa pa zaka zonse zija. Akanabwera n'kundilonjeza kuti dzina langa silituluka, ndikukhulupirira kuti ndikanamuonetsa buku limene tinkalembamo zotsatira zoyamba.

Ine wanu,
Woyeza madzi wopuma pantchito