Lipoti la msonkhano wa ku Nchalo wokhudza intaneti ndi malonda

Kwa a Wapampando, akomiti ndi mamembala onse a gulu lathu la alimi kuno kwa Ngabu.

Monga munandituma, ndinakhala nawo pa msonkhano wa masiku awiri ku Nchalo, komwe kunabwera nthumwi za magulu a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kuphatikizapo anzathu a tsidya lija la Shire, a ku Muona ndi ku Makhanga. Ambiri tinapita tikuganiza kuti akatiphunzitsa kutsegula tsamba la Facebook basi, koma zimenezo zinangotenga kanthawi kochepa, ndipo m'kuona kwanga si pamene pagona phindu lathu.

Phindu lagona pa kudziwa mtengo tisanagulitse. Venda akafika pamudzi ndi sikelo yake amakhala atadziwa kale mtengo wa chitowe ndi nandolo ku Limbe, pamene ife timangomva kwa iye yemweyo, choncho timagonja msanga poopa kuti akachoka sabweranso wina. Otiphunzitsa anatsindika kuti gulu likhale ndi munthu mmodzi wotolera mitengo sabata iliyonse kudzera pa WhatsApp, kuchokera kwa ogula angapo komanso ku misika ya zokolola monga ACE (Agricultural Commodity Exchange for Africa), kenaka mamembala agwirizane mtengo wotsikitsitsa umene palibe angagulitse pansi pake.

Mayi wina wa ku Bangula anationetsa m'foni mwake momwe amagulitsira mbuzi kwa ogula a ku Blantyre. Amaijambula mbali zonse, amaiyasamulitsa kuti mano aoneke, ndipo amatumizanso kanema wamfupi mbuziyo ikuyenda, kuti wogula asadzanene kuti inali yotsimphina. Wogulayo amalipiriratu theka, ndipo mbuzi sikwera galimoto yopita ku Blantyre kudzera ku Thabwa ndalamayo isanalowe. Kunena zoona, mayiyu anatiphunzitsa zambiri kuposa mapepala onse amene tinagawiridwa.

Tinachenjezedwa kwambiri za akuba otumiza uthenga wabodza wooneka ngati ndalama yalowa, kenaka n'kuimba foni akulira kuti alakwitsa nambala, tiwabwezere. Katundu asamatuluke tisanadzionere tokha ndalama yotsala pa *211# ngati ndi Airtel Money, kapena pa *444# ngati ndi Mpamba, ndipo nambala yachinsinsi isapatsidwe kwa wina aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Milandu yotere ili m'lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo tikhoza kukaidandaula kupolisi.

Ine ndinafunsa za magetsi ndi madzi osefukira, pokumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, komanso Freddy mu Malichi 2023. Nthumwi zina zinafotokoza kuti mabuku a ngongole a magulu awo anapita ndi madzi. Anatilangiza kujambula tsamba lililonse la kaundula mwezi ukatha n'kulisunga pa Google Drive, malo osungira zinthu pa intaneti, popanda kutaya buku lenilenilo.

Choncho ndikupempha komiti kuti pa msonkhano ukubwerawu ikambirane zogula foni imodzi ya gulu, yolembetsedwa mosiyana ndi nambala ya munthu aliyense, pamodzi ndi sola yaing'ono yotchajira, ndiponso kupatula ndalama ya bando mwezi uliwonse kuchokera mu thumba la gulu. Pafunikanso kusankha wosunga foniyo, makamaka wina mwa achinyamata athu, koma azigwira ntchito limodzi ndi a Msungichuma. Malisiti a ulendowu ndi ndalama yotsala ndapereka kale kwa a Mlembi.