Timiyezi ta batala ndi mtedza wa kuno

Nürnberg,
Lamulungu lachiwiri la Adventi

Mwali mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi mwendo uja akupezako bwanji? Uwapatse moni, uwauze kuti mwana wawo wa ku Germany sanawaiwale. Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwafika poti ndikatuluka panja makutu amakhala ngati si anga. Dzuwa likumalowa 4:30 isanakwane, ndiye poweruka kumakhala kutada bii. Ukamandiuza kuti kwanuko mvula yagwa, ngumbi zatuluka, mango angoti mbwee pamsika, mtima umandipweteka, ndisakunamize.

Unandifunsa pa WhatsApp kuti timabisiketi tokhota tija ndinakutumizira chithunzi n'chiyani, ndiponso ngati ndinaphikadi ndekha kapena ndimangodzitama ndi za m'shopu. Iwe mwano sudzasiya. Ndinaphika ndi manja anga awa, koma nkhani yake ndi yaitali, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe.

Kunoko Khirisimasi imayambira kukhitchini. Adventi ikangoyamba, nyumba iliyonse kumamveka fungo la batala. Amaphika timabisiketi ta mitundumitundu timene amatitcha Plätzchen, n'kumatisunga m'zitini kuti azidyera khofi madzulo atayatsa makandulo a pa nkhata ya Adventi, komanso kugawira anzawo kuntchito. Tija unationa timatchedwa Kipferl. Ndi tating'ono ngati chala chakaniye, tokhota ngati mwezi ukangokhala kumene, toyera mbee ndi shuga wa ufa. Ena amaikamo almond, koma ine ndaphunzira ta hazelnut. Hazelnut ndi kamtedza kozungulira kokhala ndi chikamba cholimba, kamabereka m'mwamba pa kamtengo, osati pansi ngati wathu. Ngati unalawapo Nutella, fungo lija ndi lake. Pano agologolo amalimbirana nato m'mapaki.

Ulendo woyamba ndinachita manyazi. Mnzanga wina kuntchito anandipatsako tiwiri, ndinangoti kuika m'kamwa kamodzi n'kusungunuka ndisanatafune. Ndinati izi n'zosavuta, ine amene ndinakulira pa chiwaya cha mandasi a mayi anga? Lamulungu lina ndinatenga batala n'kumusungunula m'poto, n'kuthira mu fulawa, n'kuwonjezamo baking powder chifukwa ndinkaona ngati aiwala kulemba, kenako n'kukanda ndi mphamvu zonse ngati mtanda wa mandasi. Mwali, safunsa anadya phula. Nditatsegula uvuni sindinapezemo mwezi ngakhale umodzi. Zonse zinali zitayenderera n'kugwirana, chinangokhala chimphasa chimodzi chonona. Thireyi yachiwiri ndinaiiwala chifukwa ndinali pa foni ndi achimwene, mpaka kabelu kochenjeza za utsi kamene kali kudenga kanayamba kulira. Poti Lamulungu kuno mashopu satsegula, kogula batala wina kunalibe.

Kulira kwa kabeluko n'kumene kunabweretsa agogo amene amakhala pansi panga. Ndakhala m'nyumba muno zaka ziwiri, koma ine ndi iwo kunali kungopatsana moni pamasitepe basi. Anakwera ndi ndodo yawo akuganiza kuti nyumba ikupsa. Atawona chimphasa chija anabenthulako pakona, n'kulawa, n'kupukusa mutu. Sanaseke. Anangoti batala wabwino chonchi si wosewera naye, ndipite kwawo Loweruka 9 koloko m'mawa, ndipo ndisachedwe.

Nditafika, asanandipatse ndi mpando womwe, anandigwira zikhatho. Akuti manja anga ndi otentha kwambiri, ndikawatsire kaye madzi ozizira a pampopi. Ndinaseka mumtima, manja ozolowera kutema nsima yamoto angazizire bwanji? Koma chinsinsi chonse chili pamenepo. Batala amayenera kukhala wozizira kuchokera mufiriji, umamudula tizidutswa, n'kumufikisa mu fulawa ndi nsonga za zala, mwachangu. Zikangogwirana, leka. Ukapitiriza kukanda batala amasungunuka ndipo fulawa amayamba kutamuka, ndiye m'malo mofumbutuka m'kamwa, bisiketi amalimba gwaa. Zimene timafuna pa mandasi ndi zimene sizifunika pano. Dzira saikamo, chotupitsa saikamo.

Miyeso yawo ndi iyi, ndipo amayeza pa sikelo, za kuyerekeza ndi maso safuna kumva: fulawa magalamu 250, batala magalamu 200, hazelnut wopera magalamu 100, shuga magalamu 80, ndi kamchere kongotsina. Pamenepa pamatuluka timiyezi pafupifupi 60.

Pa mtedza m'pamene ndinabwezako ulemu wanga. Hazelnut amayamba wamukazinga mu uvuni mphindi ngati 10 mpaka khungu lake litasweka, kenako amamukulunga m'kansalu n'kumafikisa kuti makoko achoke, chifukwa amawawa. Agogowo anayamba kutola kamodzikamodzi pakati pa makoko. Ine ndinalephera kupirira. Ndinatenga thireyi, n'kutuluka nayo pakhonde, n'kupeta ngati ndagwira lichero la kwa agogo ku Ntcheu. Makoko onse anauluka kukagwera pa chisanu, mtedza n'kutsala woyera. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa, n'kundiuza ndibwerezenso kuti aone bwino mmene ndikugwedezera mkono. Kupera amapera ndi kachigayo ka pamanja kamene amakamangirira kumphepete kwa tebulo. Makina a magetsi amawakana, akuti amatenthetsa mtedza n'kutulutsa mafuta. Ndinawamvetsa msanga, si mmene zimakhalira ukapitirira muyeso posinja nsinjiro, umangozindikira wapanga chiponde?

Mtanda uja tinaukulunga n'kuusiya mufiriji ola lathunthu. Podikira anandiphikira khofi, ndipo m'pamene anandiuza za kwawo. Iwo sanabadwire kuno ku Bavaria, chigawo cha Germany chimene ndikukhalachi. Anabadwira ku Bohemia, kumene lero ndi dziko la Czech Republic. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mu 1945 ndi 1946, anthu olankhula Chijeremani pafupifupi mamiliyoni atatu anathamangitsidwa m'dziko la Czechoslovakia, ndipo ambiri anadzakhazikika kuno. Iwo anali kamwana, anabwera pa sitima ya katundu ndi mayi awo. Buku la maphikidwe linatsala komweko pamodzi ndi nyumba, miyeso inabwera m'mutu mwa mayi awo. Akuti zaka zoyambirira batala kunalibe, moti mayi awo ankakazinga oats m'malo mwa mtedza, bola Khirisimasi isadutse popanda timiyezi. Anafotokoza zonsezi maso ali pa wotchi, ola litangokwana n'kudzuka osamaliza ndi khofi yemwe.

Kuumba ndiye ntchito yotopetsa. Umatenga mtanda pang'ono, wotsalawo uzikhala mufiriji, n'kuupota patebulo kukhala ngati chingwe chonenepa ngati chala. Umadula tizidutswa tofanana, kalikonse n'kukapota pakati pa zikhatho kuti kumapeto kuchepe, kenako n'kukakhotetsa. Kunsongako kusasongoke kwambiri, kumapserera pakati pasanapse. Ta agogowo tinkatuluka tofanana ngati mapasa. Tanga toyamba tinkaoneka ngati mphalabungu zodwala, tina tonenepa, tina toonda, tina tothyoka msana. Anali kungotitenga mwakachetechete, n'kutifinya, n'kundibwezera kuti ndiyambirenso. Pofika kachidutswa ka 30 zala zinali zitagwira njira.

Mu uvuni timakhala mphindi 10 mpaka 12 pa madigiri 175. Usadikire kuti tifiire ngati sikono. Timatuluka totuwa, kunsonga kokha n'kumene kumaoneka kagolide pang'ono. Ndiye pali kanthawi kovuta. Ukatigwira tikadali ta moto timaphwanyika m'manja, ukadikira kuti tizizire shuga sakakamira. Umawerenga mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kumatinyamula mosamala ngati mwana wakhanda, n'kutigubuduza mu shuga wa ufa wosakaniza ndi shuga wa vanila. Tothyoka ndi ta wophika, limenelo ndi lamulo la agogo, ndipo tsiku limenelo ine ndinakhuta.

Shuga wa vanilayo amagulitsa m'timapaketi ta magalamu 8. Wotchipa si wa vanila weniweni wa ku Madagascar ayi, fungo lake ndi lopanga. Anayamba kulipanga ndi akatswiri awiri a konkuno, Wilhelm Haarmann ndi Ferdinand Tiemann, mu 1874. Agogowo paketi sagula. Ali ndi botolo la shuga limene anakwiriramo kamtengo ka vanila, shuga akachepa amangothiramo wina.

Ndinawafunsa chifukwa chake timakhota. Nthano imene anthu amakonda ndi yoti ophika buledi a mumzinda wa Vienna ku Austria anaumba mwezi wa pa mbendera ya a Ottoman, amene ankalamulira Turkey, pokondwerera kuti asilikali a ku Turkey alephera kulanda mzindawo mu 1683. Agogo anangoti pfuu, zokamba za pamowa zimenezo, buledi wokhota analipo kalekale nkhondoyo isanachitike. Chimene chinandiseketsa ine n'choti nditatembenuza paketi ya mtedza uja ndinapeza palembedwa Turkey. Dziko limenelo ndi limene limalima hazelnut wambiri padziko lonse, m'mapiri a m'mbali mwa Black Sea, kufupi ndi mizinda ya Giresun ndi Ordu. Ndiye ngati nthanoyo ili yoona, akuwanyoza ndi mtedza wawo womwe.

Tsopano imva za iwe, poti ndikudziwa ukufuna kudabwitsa apongozi pa Khirisimasi. Hazelnut usavutike kufunafuna. Sabata yatha ndinayesa ndi mtedza wathu umene ndinagula ku shopu ya zakudya za ku Africa, ndipo zinatheka. Ukazinge pang'ono pamoto wozizirira, upukuse makoko, upete, uusiye uzizire, kenako usinje mopepuka n'kusefa monga nsinjiro. Ukapeza macadamia wa ku Thyolo ndi bwinonso, koma ali ndi mafuta ambiri, uchepetseko batala. Batala ndikudziwa ndi wodula, koma ngati ungakwanitse gula yemweyo. Zikavuta tenga majarini wolimba wophikira, osati wofewa wopaka pa buledi. Shuga wa ufa akasowa, sinja shuga wamba mumtondo wouma n'kusefa kawiri.

Mdani wako ndi kutentha kwa Disembala. Ine kuno ndimangoika mtanda pawindo n'kuuma wokha, iwe udzuke mbandakucha dzuwa lisanatuluke. Magetsi akazima, ika mbale ya mtandayo m'beseni la madzi a mumtsuko, ndipo manja uziwaviikamo pafupipafupi n'kupukuta. Ngati ukuphika pa mbaula monga timachitira chigumu, thira mchenga pansi pa poto, makala akhale ochepa pansi ndi pachivindikiro pomwe, ndipo usachokepo kupita kukacheza. Tikazizira utitsekere m'chitini chothina bwino, chifukwa chinyontho cha dzinja chimatifewetsa. Timakoma kwambiri tikagona masiku atatu kapena anayi, ndiye ubise kumene anyamata ako safikako. Agogo amabisa pamwamba pa wadiropu m'chipinda chimene sayatsa chotenthetsera.

Ta mtedza wathu tija ndinawapititsira kuti alawe. Anatafuna kamodzi maso ali kudenga, n'kunena kuti ameneyu si Kipferl, mayi awo akanakana. Kenako anatenga kachiwiri, kachitatu, n'kundifunsa ngati mbaleyo ndikuifuna lero lomwe.

Pali mtsikana wina wa kutchalitchi amene akubwera kumudzi pa 18 Disembala, ndamupempha anditengere chitini chimodzi, adzakuimbira akatera ku Chileka. Ndayala pepala pakati pa mizere, koma ukapeza tina taphwanyika usadandaule, ndi tako wekha, usagawireko munthu. Pobwerera mu Januwale umupatsire mtedza wa chalimbana, wosenda kale kuti usaleme, ndi lichero laling'ono ngati lingalowe m'chikwama. Ndinawalonjeza agogo.

Ndine mnzako wa pa benchi yakumbuyo,
amene akuzizidwa kuno