Duplantis adayambira pa matiresi kuseri kwa nyumba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembepo za masewero amene samveka kawirikawiri m'nkhani zathu: kudumpha ndi ndodo, kapena kuti pole vault. Pa 15 September 2025 ku Tokyo, Armand Duplantis wa dziko la Sweden adadumpha mamita 6.30. Okonda mpira akudziwa kuti golo ndi lalitali mamita 2.44, ndiye kuti mnyamatayu adapitirira magolo awiri ndi theka osanjikiza. Aka kanali ka 14 kuswa rekodi ya dziko lonse, kuyambira pa mamita 6.17 omwe adadumpha ku Toruń, m'dziko la Poland, mu 2020.

Ena amamunena kuti amakweza sentimita imodziimodzi pofuna ndalama za mphoto. Ine sindionapo cholakwika. Sergey Bubka wa ku Ukraine, woyamba kudutsa mamita 6 ku Paris mu 1985, ankachita zomwezo mpaka kuswa rekodi ka 35.

Chandilembetsa kalatayi ndi kumene Duplantis adayambira. Adabadwa mu 1999 ku Lafayette, m'dziko la America. Bambo ake, a Greg, ankadumphanso ndi ndodo. Mayi ake, a Helena, a ku Sweden, ankapikisana pa heptathlon, mpikisano wa masewero asanu ndi awiri. Kuseri kwa nyumba adakonza pothamangira ndi matiresi ogwerapo, ndipo mwanayo adayamba kudumpha ali kamwana. Makolo omwewo ndiwo amamuphunzitsa.

Kuthamanga mwana angayambe ndi mapazi ake okha, koma izi ayi. Wodumpha amathamanga atanyamula ndodo ya mamita ngati asanu, nkuizika m'kabokosi kapansi. Ndodoyo imapindika ndi liwiro lake, ndipo ikamawongoka imamuponya m'mwamba, miyendo patsogolo, mutu pansi. Pansipo pakapanda matiresi okhuthala munthu angathyoke khosi. Nchifukwa chake mphunzitsi wanzeru sangalole ana kuyesera pa mchenga.

Komatu ana olimba mtima tili nawo. Nyengo ya mvula ku Kawale kapena ku Mtandire mudzaona anyamata akuoloka ngalande ndi nsungwi popanda wowaphunzitsa. Malo tilinso nawo: Bingu National Stadium, yomwe idatsegulidwa mu 2017, ili ndi njira yothamangiramo, ndipo mzinda uno wa Lilongwe udalandira masewero a achinyamata a maiko a kummwera kwa Africa (Region 5) mu 2022.

Pempho langa kwa a Athletics Malawi ndi a Malawi National Council of Sports nlakuti pakhale matiresi, ndodo zochepa za msinkhu wa ana, ndi mphunzitsi mmodzi wodziwa bwino ntchitoyi, Loweruka lililonse ana a sukulu za pulayimale azibwera kudzayesa. Atsikana asatsalire, rekodi ya dziko lonse ya akazi, ya Yelena Isinbayeva wa ku Russia, ya mamita 5.06, ya mu 2009, ikadalipobe.

Inunso a Mkonzi, tumani mtolankhani wanu akafunse mabungwe awiriwa kuti zipangizozi zingafune ndalama zingati, atiuze.

Ine wokonda masewero,
Kawale, Lilongwe