Madzi sanathamangitse anthu ku Montcalm

A Mkonzi,

Mvula ikangoyamba, nyuzipepala yanu imalemba za ife a kuchigwa cha Shire, ndipo mawu ake ndi omwewo chaka ndi chaka: asamuke, akwere kumtunda, akukakamira chiyani m'dambo. Ndipatseniko kadanga ndifotokoze za dera lina laling'ono lakutali, lomwe nalonso lili m'chigwa chosefukira koma anthu ake sanasamutsidwe. Dzina lake ndi Montcalm, m'chigawo cha Manitoba ku Canada, kufupi ndi malire a America. Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito pa malo ena osungira mbewu kumeneko, ndipo akandiimbira pa WhatsApp nkhani ya madzi siilephera kulowa.

Montcalm ndi khonsolo yakumudzi yoima payokha, ya alimi, ndipo ambiri mwa iwo chilankhulo cha makolo awo ndi Chifalansa. Anthu ake onse, kuphatikiza makanda, sakwana 1,500. Midzi yake yodziwika ndi St. Jean Baptiste, Letellier ndi St. Joseph. Amalima tirigu, soya, canola ndi nsawawa, moti St. Jean Baptiste amadzitama kuti ndi likulu la nsawawa za supu m'dziko lonse la Canada.

Oyamba kulankhula Chifalansa m'mbali mwa mtsinje wa Red anali a Métis, mbadwa za Afalansa ogula zikopa ndi amayi a mitundu ya komweko. Manitoba italowa m'dziko la Canada mu 1870, olankhula Chingerezi anayamba kukhamukirako, ndipo Bishopu Taché wa ku St. Boniface anaona kuti anthu ake amezedwa. Choncho mpingo wa Katolika unakopa mabanja ochokera ku Quebec, ndi ena omwe anali atapita kukagwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku New England, m'dziko la America, kuti adzalime. Midzi ngati St. Jean Baptiste inakhazikika m'zaka za m'ma 1870 zomwezo. Minda ya m'mbali mwa mtsinje ankaidula yopyapyala ndi yaitali, uliwonse mutu wake uli kumadzi, kuti pasapezeke banja lomanidwa gombe. Aliyense amene analimako dimba ku Makhanga kapena ku Chiromo akudziwa chifukwa chake. Nthaka yabwino ili komwe kuli ngoziko.

Mtsinje wa Red umayenda chakumpoto, kuchokera ku America kukathira m'nyanja ya Winnipeg. Chipale chofewa chimayamba kusungunuka kummwera pomwe kumpoto mtsinje ukadali woundana, ndiye madzi amasowa kopita. Dzikolo ndi lathyathyathya, mulibe phiri loti n'kuthawirako. Mu 1950 madzi anasamutsa anthu pafupifupi 100,000 mumzinda wa Winnipeg. Boma la Manitoba, motsogozedwa ndi Duff Roblin, linakumba ngalande yaikulu yolambalalitsa madzi kuzungulira mzindawo, ndipo inatha mu 1968. Anthu ankamuseka Roblin kuti akutaya ndalama pokumba dzenje. Koma chimene chimandikoka mtima ine ndi chimene anachitira midzi ing'onoing'ono. Madzi atasefukiranso mu 1966, boma linazinga midzi ingapo ya m'chigwamo ndi daiki, chitunda chotchinga madzi chozungulira mudzi wonse, ndipo St. Jean Baptiste ndi Letellier inali m'gulumo.

Mayeso anabwera mu 1997. Madzi anamiza dera lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 2,000, ndipo anthu a ku Manitoba oposa 25,000 anachotsedwa m'makomo mwawo. A ku St. Jean Baptiste nawo anatulutsidwa, koma daiki inapirira, mudzi unatsala ngati chilumba, ndipo madzi ataphwa anthu anabwerera m'nyumba zawo zomwezo. Mudzi wina wolankhula Chifalansa cha kumpoto kwake, Ste. Agathe, unalibe daiki yozungulira chifukwa ankauona ngati uli pokwera. Iwo anatchinga mbali ya kumtsinje, madzi n'kuwalowera usiku kuchokera kumbuyo, kudutsa m'minda. Pambuyo pake nawo anawamangira daiki, ndipo nyumba za alimi zomwe zili kunja kwa midzi anazikweza pa zitunda zochita kuunjika, kapena kuzizinga pazokha, kufika pamwamba pa mlingo wa madzi a 1997 ndi kuonjezerapo masentimita 60.

Chaka chomwecho cha 1997 ndi chimene madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo. Pa Mtayamoyo paja tinayamba kuwoloka pa bwato, njinga ili chogona pakati, thumba la chimanga pamiyendo, wopalasa akukuwa kuti musagwedezeke. Ana obadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana awo. Madzi a mu Januwale 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 anatipeza tili chimodzimodzi: kampu ya pasukulu, ndowa, bulangete, ndi alendo a magalimoto aakulu otiuza kuti vuto ndi kusamva kwathu.

Ndikudziwa kale yankho la ena. Canada ndi dziko lolemera, ndipo madzi awo amapereka chenjezo la masabata pomwe Ruo amatsika usiku umodzi atanyamula mitengo ndi mchenga wa ku Mulanje. Zoona. Pali malo ena kuno omwe palibe daiki ingawapulumutse, ndipo ine sindingauze munthu kuti agone pa njira ya Ruo. Koma kuunjika chitunda choti pakhale sukulu, chipatala ndi nkhokwe ya mudzi si ntchito yofuna chuma cha Canada. Anthu omwe amaumba njerwa ndi kukumba ngalande za mpunga ndi makasu angalephere zimenezo atapatsidwa katswiri woyeza ndi thirakitala imodzi?

Tsono nachi chimene chandilembetsa kalatayi. Ngakhale daiki inagwira ntchito, anthu ku Montcalm akhala akuchepa poyerekeza ndi masiku a agogo awo. Madzi sanawachotse. Anawachotsa ndi makina ndi kukula kwa minda. Mu 1941 Manitoba inali ndi mafamu oposa 50,000. Pofika 2021 anatsala osakwana 15,000, ndipo famu wamba lero ndi yoposa maekala 1,000. Munda womwe unkadyetsa mabanja angapo tsopano ukulimidwa ndi munthu mmodzi ndi chimakina chokolola. Mphwanga uja akuti nthawi yokolola umatha kuyenda mtunda wautali pagalimoto osakumana ndi munthu woyenda pansi, ukungoona fumbi la makina patali. Woyandikana naye akakalamba, munda wake umagulidwa ndi yemwe ali kale ndi waukulu. Ana amaphunzira n'kupita ku Winnipeg, ndipo ambiri akakhazikika kumeneko Chifalansa chimatsalira kumudzi.

Chilankhulocho chinavutikanso ndi malamulo. Mu 1890 boma la Manitoba linachotsa Chifalansa m'ntchito za boma, ndipo mu 1916 linathetsa sukulu za zilankhulo ziwiri. Masisitere ndi aphunzitsi ena ankaphunzitsabe mobisa, mabuku n'kumawabisa woyendera sukulu akamabwera. Khoti lalikulu la Canada linagamula mu 1979 kuti lamulo la 1890 lija linali losemphana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu womwe unayamba ndi Georges Forest, munthu amene anakana kulipira chindapusa choimika galimoto chifukwa chikalatacho chinalembedwa m'Chingerezi chokha. Ine amene ndinaphunzitsa ana olankhula Chisena kwawo koma m'kalasi n'kumawafunsa mayeso m'chilankhulo china, nkhani imeneyo imandifika pamtima. Koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Kuno kuchigwa kukukumbidwa ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira, pansi pa pulogalamu ya Shire Valley Transformation, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Alimi akupemphedwa kuphatikiza minda yawo kuti ikhale mafamu aakulu a makopaletivu. Ine ndikuufuna mthirirawo. Chigwa chino chimapsa ndi dzuwa kuposa mmene chimamirira. Komabe ku Montcalm munthu wochoka pamunda ankapeza ntchito m'tauni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje lokha, ndipo Chikwawa anaposa 500,000. Munda wa mahekitala mazana ukayamba kulimidwa ndi makina, mnyamata amene ankadalira ganyu ya kupalira thonje apita kuti? Blantyre wadzaza kale ndi akabaza. Mayi wamasiye amene walowetsa ekala yake mu kopaletivu, dzina lake lidzakhalabe m'kaundula zaka makumi awiri zikubwerazi, kapena adzauzidwa kuti gawo lake linagulidwa?

A ku Montcalm amatha kuona kuchepa kwawo chifukwa Canada imachita kalembera zaka zisanu zilizonse, ndipo kakhonsolo kakang'ono koteroko kamakhala ndi chiwerengero chakechake. Ali ndi makhansala awo, amatolera okha msonkho wa malo, amakonza okha misewu ya kuminda ndi ngalande. Ife kalembera ndi wa zaka khumi, ndipo mudzi ukasamutsidwa ndi madzi, theka likakhala kumtunda theka n'kubwerera kudimba, palibe amene angakuuzeni kuti kwa mfumu yakuti kwatsala anthu angati, kupatula nyakwawa yokha ndi kope lake lonyowa.

Ndikupempha makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje kuti asanatiuzenso za kusamuka, atulutse poyera mndandanda wa midzi yomwe akatswiri aona kuti ingatchingidwe ndi yomwe singatheke, komanso chiwerengero cha mabanja omwe alowetsa minda yawo mu mthirira, mudzi ndi mudzi, kuti mtsogolo muno tidzathe kuwerenganso. Atolankhani anu abwere adzafunse zimenezi mu Seputembala, msewu ukadali wouma.

Mphunzitsi wopuma,
Bangula, Nsanje